Nkhokwe Yosatapidwa: Ana Amachita Chiyani Akaweruka Kusukulu?

Thupi la munthu lili ndi nzeru ya mlimi wakale. Likalandira chakudya choposa chimene likufuna tsiku limenelo, silitaya. Limachisandutsa mafuta n'kuchisunga pansi pa khungu, pamimba ndi mozungulira ziwalo zam'kati, monga momwe agogo athu ankatutira chimanga m'nkhokwe mwezi wa Meyi podziwa kuti Januwale akubwera. Palibe cholakwika pamenepa. Anthu apulumuka zilala ndi njala chifukwa cha nkhokwe imeneyi, ndipo mwana akagona masiku angapo ndi malungo osalawa kanthu, ndi momwemo m'mene thupi limatapa kuti akhalebe ndi moyo.

Koma nkhokwe imamangidwa kuti izithiridwa kamodzi pachaka ndi kutapidwa tsiku lililonse. Tsono taganizirani nkhokwe imene ngolo ikufikapo m'mawa, masana ndi madzulo, chaka chonse, pamene wotapa amangobwera ndi kambale kamodzi pa sabata. Nsungwi zimayamba kulekana, dothi lomatira kugamuka, mitengo yapansi kupindika. Mwiniwake posowa pothira amamanga ina pambali, kenako inanso. Izi ndi zimene zikuchitika m'matupi mwa ana ambiri masiku ano. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2022 ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 19 oposa 390 miliyoni anali olemera kupitirira msinkhu wawo, ndipo 160 miliyoni mwa iwo anali onenepa mofika poti ndi matenda. Mu 1990 ana 8 pa 100 alionse ndiwo anali olemera mopitirira. Pofika 2022 anali 20. M'chaka cha 2025 bungwe la UNICEF linalengeza kuti kwa nthawi yoyamba, ana a msinkhu wa sukulu onenepa mopitirira muyeso padziko lapansi achuluka kuposa owonda chifukwa chosowa chakudya. Maiko a mu Africa a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara ndi a kum'mwera kwa Asia okha ndiwo sanafike pamenepo.

Nkhani yomanga nkhokwe zina pambali siongoyerekezera chabe. Mafuta m'thupi amakhala m'maselo akeake, ndipo akatswiri a ku Karolinska Institutet m'dziko la Sweden anasonyeza mu 2008 kuti chiwerengero cha maselo amenewa chimakula pa ubwana ndi pa unyamata, kenako chimakhazikika munthu akakula. Wamkulu akaonda, maselo ake amangofwapa koma sachepa. Ndiye kuti mwana wonenepa kwambiri akumanga nkhokwe zimene adzakhala nazo pabwalo moyo wake wonse, zopanda kanthu kapena zodzaza, koma zilipo ndipo zikudikira. N'chifukwa chake achinyamata pafupifupi 8 mwa 10 onenepa mopitirira muyeso amakhalabe otero atakula. Matenda a shuga a mtundu wachiwiri, amene kale ankadziwika kuti ndi a akuluakulu, lero akupezeka mwa ana a kusekondale. Kuthamanga kwa magazi, mafuta okuta chiwindi, kupweteka kwa mawondo ndi kubanika kutulo zikubweranso msanga. Ndipo pali bala lina losaoneka pa sikelo: mwana wosekedwa ndi anzake amaleka kupita kubwalo, akaleka kupita kubwalo amanenepanso.

Tsiku la mwana wasukulu lili ndi chigawo chimodzi chimene akuluakulu sitichiona bwino. M'mawa ali m'manja mwa makolo, kenako m'manja mwa aphunzitsi, usiku abwereranso kwa makolo. Koma kuyambira pamene belu loweruka lalira kufikira nsima yamadzulo pali maola atatu, anayi kapena asanu opanda mwini. Amenewa ndiwo maola amene mwana amayenera kutapa m'nkhokwe, chifukwa m'kalasi amakhala pansi ndipo usiku amagona. Akawathera pampando, maso ali pa TV kapena pafoni, dzanja lili m'pepala la tchipisi, ndiye kuti nthawi yotapa yasanduka nthawi yothira. WHO imati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azipeza mphindi 60 patsiku zothamanga, kudumpha kapena kusewera mofika popumira m'mwamba ndi kutuluka thukuta. Kafukufuku wa bungwe lomweli anapeza kuti achinyamata 4 mwa 5 padziko lonse safikitsa ola limeneli.

Ku America, kumene mwana mmodzi mwa asanu alionse ndi wonenepa mopitirira muyeso, anthu anayesa kuwapezera mwini maola amenewa. Chitsanzo chimene ndimachiona kuti chili ndi phunziro lalikulu ndi cha mumzinda wa Augusta, m'boma la Georgia. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, akatswiri a ku Medical College of Georgia, motsogozedwa ndi Bernard Gutin ndi Zenong Yin, anayambitsa ntchito yotchedwa FitKid. Anatenga sukulu 18 zapulayimale, zina n'kuzipatsa ndondomekoyi, zina n'kuzisiya momwe zinalili kuti pakhale poyerekezera, ndipo anatsatira ana a kalasi yachitatu kwa zaka zitatu. Ana akaweruka ankatsala pasukulu maola awiri. Mphindi 40 zoyamba ankadya kachakudya kopatsa thanzi ndi kuthandizidwa ntchito ya kusukulu yokalembera kunyumba. Mphindi 80 zotsala zinali za kubwalo: kuphunzira kaponyedwe ndi kawakhidwe ka mpira, kenako masewera othamangitsana okonzedwa moti pasakhale mwana woima pamzere kudikira nthawi yake.

Kamfundo komalizaka n'kofunika kukhalapo pang'ono. Masewera ambiri amene akuluakulu timakonzera ana amakhala oti wophonya atuluke, kapena awiri athamange pamene makumi atatu akuonerera. Woyamba kutuluka amakhala yemwe uja wolemera thupi, amene timafuna kuti athamange kuposa onse. Mpikisano umakomera aluso. Thanzi limafuna kuti aliyense asuntheko. Mphunzitsi wanzeru amagawa ana m'timagulu ting'onoting'ono, amachulukitsa mipira, ndipo wophonya amam'patsa chochita m'malo momukhazika pansi pa mtengo.

Zotsatira za ku Augusta zinali ziwiri, chokoma ndi chowawa. Ana amene ankabwera mokhulupirika, masiku osachepera 40 pa 100 alionse, anachepetsa mafuta m'thupi poyerekeza ndi anzawo a m'sukulu zina, ndipo mtima ndi mapapo awo zinalimba. Koma sukulu zikatsekera tchuthi chachitali cha m'chilimwe, phindu lija linkatha. Pobwerera ankapezeka atafanananso ndi anzawo aja, ntchito n'kuyambiranso. Kafukufuku wina m'dziko lomwelo anapezanso kuti ana ang'onoang'ono amanenepa mofulumira patchuthi kusiyana ndi pamene sukulu ili m'kati. Nkhokwe sidziwa kalendala ya sukulu. Imangodziwa zimene zalowa lero ndi zimene zatuluka lero. Chifukwa cha ichi sindikhulupirira tsiku la masewera la kamodzi pa teremu, lobwera ndi zokuzira mawu ndi alendo olemekezeka, ngakhale limasangalatsa. Chimene chimasintha thupi la mwana ndi chinthu chaching'ono chochitika Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, mosadukiza. Ku Scotland, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya St Ninian's mumzinda wa Stirling, mayi Elaine Wyllie, anayamba mu 2012 kutulutsa ana ake panja mphindi 15 tsiku lililonse kuti athamange kapena kuyenda ndawala atavala yunifolomu yomweyo. Sipanafunike nsapato zapadera kapena ndalama, ndipo lero sukulu zikwizikwi m'maiko ambiri zikutsatira njira imeneyi, yotchedwa The Daily Mile. Ku England boma linafalitsa m'dziko lonse mu 2021 ndondomeko yopatsa ana a m'mabanja osauka chakudya ndi masewera panthawi ya tchuthi, pambuyo poti wosewera mpira Marcus Rashford wachita khama kulankhulira ana ogona ndi njala. Abale athu okhala ku Manchester kapena ku Leeds amene ana awo amalandira chakudya chaulere kusukulu angachite bwino kufunsa za mwayi umenewu ku khonsolo yawo.

Komabe kutapa kokha sikungapulumutse nkhokwe ngati ngolo sizikuleka kubwera, ndipo ngolo yaikulu kuposa zonse ndi ya zakumwa zotsekemera. Chitini chimodzi cha chakumwa chozizira cha mamililita 330 chimakhala ndi shuga wokwana magalamu 35, pafupifupi masupuni aang'ono 9. Palibe mayi amene angathire masupuni 9 m'kapu ya tiyi ya mwana wake, koma m'botolo shugayo saoneka. Mwana amatha chitini chimenechi m'mphindi ziwiri, pamene kuti awotche mphamvu yomwe yalowayo ayenera kuthamanga theka la ola kapena kupitirira. Choipiraipira n'chakuti shuga wam'madzi sakhutitsa. Mwana wodya mbatata yophika amafika poti basi ndakhuta, koma womwa zotsekemera amakhala pa nsima ndi njala yake yonse. Choncho ndondomeko imene imathamangitsa ana ola lathunthu kenako n'kuwagawira zakumwa za shuga ndi mabisiketi yatapa ndi dzanja limodzi n'kuthira ndi linalo.

Bungwe la YMCA, limene limasamalira ana ochuluka kwambiri akaweruka kusukulu ku America, linaona zimenezi. Mu 2011, pamene mayi Michelle Obama anali pa kampeni yawo ya Let's Move! imene anaiyamba chaka cha 2010, bungweli linalonjeza kutsatira malamulo osavuta kuwakumbukira: ana asewere mphindi zosachepera 30 tsiku lililonse, makamaka panja, pa chakudya chilichonse pakhale chipatso kapena masamba, chakumwa chikhale madzi, ndipo azipezeka nthawi zonse, zokazinga m'mafuta ambiri ndi zakumwa za shuga zisalowe, ndipo ogwira ntchito azidya ndi kumwa zomwezo pamaso pa ana. Lamulo lomalizali ndilo ndimalilemekeza kwambiri. Ana samvera zimene timanena ngati botolo lili m'manja mwathu likunena zina. Mzinda wa Amsterdam ku Netherlands unapita patsogolo kuposa apa kuyambira 2013: m'sukulu zolowa m'ndondomeko yawo ana amamwa madzi kapena mkaka basi, pa tsiku lokumbukira kubadwa amabweretsa zipatso m'malo mwa maswiti, ndipo makolo amaphunzitsidwa za kufunika kogoneka ana msanga, popeza mwana wosagona mokwanira amamva njala kwambiri tsiku lotsatira. Akuluakulu a mzindawo ananena kuti pakati pa 2012 ndi 2015 chiwerengero cha ana olemera mopitirira chinatsika ndi 12 pa 100 alionse.

Tisanamizane kuti ndondomeko za masana zimathetsa vutoli pazokha. Akatswiri akasonkhanitsa kafukufuku wambiri n'kumuunika pamodzi, amapeza kuti kusintha kwa pa sikelo kumakhala kochepa. Maola awiri sangagonjetse okha zimene zili m'firiji ya kunyumba, m'golosale ya pakhomo pa sukulu ndi m'malonda a pa TV. N'chifukwa chake maboma ena anagwira ngolo ija kugwero kwake: South Africa inaika msonkho pa zakumwa za shuga mu 2018, chaka chomwecho Britain inachitanso chimodzimodzi, ndipo makampani ambiri anachepetsa shuga m'zakumwa zawo pothawa msonkhowo. Komabe ine ndimaima ndi maola awiri aja. Sikelo siyesa zonse. Mwana wothamanga tsiku ndi tsiku amalimba mafupa, amagona bwino, thupi lake limayendetsa bwino shuga m'magazi, ngakhale kulemera kwake kusinthe pang'ono. Ndipo akazolowera kuti ludzu limathetsedwa ndi madzi, chizolowezicho chimam'perekeza kutali.

Pali chenjezo limodzi limene sindingalidumphe. Kholo likamva zonsezi likhoza kuganiza zom'mana mwana chakudya. Ayi ndithu. Mwana si wamkulu wochepa msinkhu. Akumanga mafupa, magazi ndi ubongo, ndipo zomangira zake zimachokera m'mbale. Kwa ana ambiri olemera mopitirira, cholinga sikuti aonde, koma kuti kulemera kuime kaye pamene msinkhu ukukwera, mpaka ziwirizi zitakumana. Kumutchula maina, kumuyeza pa sikelo pamaso pa anzake kapena kumulanda mbale abale ake akudya kumangobala manyazi ndi kudya mobisa. Banja lonse lisinthe kadyedwe, osati mwana mmodzi yekha. Ndipo tidziwe kuti nkhokwe ikhoza kuoneka yodzaza pamene m'kati muli zitsononkho ndi makoko. Mwana wokhalira zokazinga, buledi woyera ndi zakumwa za shuga akhoza kukhala wonenepa koma wochepa magazi chifukwa chosowa ayironi. Kukula kwa thupi si umboni wakuti mwana akudya bwino.

Wina afunsa kuti nkhaniyi ikutikhudza bwanji ku Malawi kuno, kumene ana osakwana zaka zisanu oposa mmodzi mwa atatu alionse ndi opinimbira, ndipo ambiri amapita kusukulu kudalira phala la Mary's Meals, ntchito imene inayambira m'dziko mwathu muno mu 2002. Funsoli n'loyenera, ndipo njala ikadali mdani wathu woyamba. Mwana wakumudzi amene amayenda mtunda wautali kupita kusukulu, n'kubwerako kukatunga madzi, kudyetsa mbuzi ndi kumenya mpira wachikulunga mpaka mdima, nkhokwe yake imatapidwa mopitirira. Iyeyo akufunika kuwonjezeredwa chakudya. Koma pitani pa geti ya sukulu ya m'tauni nthawi yoweruka, ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu, ngakhale ku Lusaka ndi ku Chipata. Mupeza mafirizesi, majigisi, kamba, mandasi, zibwente ndi chiwaya cha tchipisi zikudikira ndalama imene mwana wapatsidwa m'mawa. Ena amatengedwa pa galimoto kapena pa kabaza mpaka pakhomo, n'kulowa mumpanda wa njerwa umene makolo anamanga poopa akuba ndi magalimoto. Ena akangodya nsima amabwerera kukakhala pa benchi ku maphunziro apadera a masana pokonzekera mayeso a Sitandade 8. Sukulu zambiri zoyendetsedwa ndi anthu wamba zinatsegulidwa m'nyumba zogonamo zopanda bwalo, ndipo mabwalo ena amene ana ankasewerapo m'makwalala athu anagawidwa mapuloti. Madokotala amachenjezanso kuti mwana amene anasowa chakudya ali m'mimba kapena ali wakhanda, akadzakumana ndi zakudya za mafuta ndi shuga wambiri pambuyo pake, amakhala pa chiopsezo chachikulu cha matenda a shuga ndi a mtima. Ndiye mavuto awiriwa si a anthu osiyana. Akhoza kukhala m'nyumba imodzi, ngakhale m'thupi limodzi pa nthawi zosiyana.

Chovuta china chili m'maso mwathu. Tinakula tikumva kuti mwana wonenepa ndiye wosamalidwa, ndipo mlendo akati "koma ndiye akudya bwino mwanayu" mayi ake amamwetulira. Zaka zimene Edzi inkatha anthu mankhwala asanabwere zinazamitsa maganizo amenewa, chifukwa kuonda kunkabweretsa manong'onong'o. Sindikunyoza mtima umenewu; unabadwa m'masautso enieni. Koma khanda la masaya odzaza ndi losiyana ndi mwana wa zaka khumi amene akupuma movutikira akakwera kachitunda.

Ubwino wake ndi wakuti zimene a ku Augusta anachita kulipira akatswiri kuti akonze, ife tili nazo kale. Fulaye amathamangitsa atsikana mpaka thukuta kamukamu. Chipako, jingo ndi chibisalirano sizifuna zipangizo zodula, ndipo ola limodzi la chiterera, beni kapena chimtali limakwaniritsa zonse zimene WHO ikupempha. Kumbali ya chakudya, a zaumoyo akhala akutiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Chimanga chowotcha, mtedza wokazinga, mbatata kapena chinangwa chophika, nzama, nthochi, magwafa, mango, masawu ndi malambe pa nyengo yake ndi zakudya za masana zabwino koposa zam'mapepala, ndipo nthawi zambiri mtengo wake ndi womwewo kapena wotsikirapo. Amayi ogulitsa pa geti sayenera kuthamangitsidwa, pakuti nawonso akufuna chodyetsa ana awo. Komiti ya sukulu ikhale nawo pansi n'kugwirizana zoti azibweretsa.

Chimene chikusowa ndi munthu wamkulu woti maola aja akhale ake. Kwa aphunzitsi aakulu, musatseke bwalo belu likalira. Pezani mphunzitsi kapena wachinyamata wodalirika woti atsale ndi ana ola limodzi masiku atatu kapena kuposerapo pa sabata, ndowa ya madzi abwino akumwa ili pambali, ndipo atsikana apatsidwe malo ofanana ndi anyamata. Kwa abusa, ansembe ndi mashehe, mabwalo a matchalitchi ndi mizikiti amakhala opanda anthu pakati pa sabata ndi patchuthi, nthawi imene ana amawafuna kwambiri. Kwa makhansala, puloti iliyonse yotsala isanagulitsidwe, funsani kaye kumene ana a m'dera limenelo azisewera. Ndipo inu makolo anzanga, madzulo ano mukafika pakhomo, musangofunsa mwana ngati walemba ntchito ya kusukulu. Mufunseninso zimene wadya chiwerukireni, zimene wamwa, ndiponso ngati lero wathamangako.